Sipiriti: Mowa Woipitsidwa Dala

Kometera tsitsi pa Mlangeni kapena pa Lizulu, wometa akamaliza ntchito amapukuta makina ake ndi timadzi tozizira ta mtundu wa pepo. Timadzi tomweti timayatsa timbaula ta mu labotale ya sukulu. Ambiri timati sipiriti, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti ndi mowa umene anauipitsa dala kuti munthu asaumwe.

Sipiriti amachokera ku ethanol, yemweyo amene amaledzeretsa mu kachasu. Kuno kwathu ethanol amapangidwa kuchokera ku molasesi, madzi akuda okhuthala otsala popanga shuga. Kampani ya Ethco ku Dwangwa idayamba ntchitoyi mu 1982, ndipo PressCane ya ku Chikwawa idatsatira mu 2004. Ethanol wambiri amasakanizidwa ndi petulo, wina amapita m'zipatala ndi m'mafakitale.

Nanga n'chifukwa chiyani amamuipitsa? Nkhani yagona pa msonkho. Mowa wakumwa uli ndi msonkho wokwera, umene bungwe la MRA limatolera. Ethanol wa m'mafakitale akadalipitsidwa msonkho womwewo, penti ndi mankhwala opukutira zikadakwera mtengo. Koma akadamugulitsa motchipa ali wabwinobwino, anthu akadamuthira madzi n'kumamwa. Choncho mayiko ambiri adakhazikitsa malamulo akuti ethanol wotchipayo aziyamba waipitsidwa asanagulitsidwe. Dziko la Britain lidayamba zimenezi mu 1855. Opanga amathiramo methanol, mankhwala owawa kwambiri, kapenanso utoto wochenjeza. Kuno ku Malawi, bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi limene limaona ngati katundu wa pamsika akukwaniritsa muyezo, ndipo mu 2015 boma lidaletsa mowa wa m'masacheti.

Vuto limabuka anthu adyera akapeza ethanol wa m'mafakitale n'kumugulitsa ngati chakumwa. Methanol ndi ethanol n'zofanana m'maonekedwe ndi fungo lomwe. Koma methanol akafika m'chiwindi amasanduka asidi amene amawononga mtsempha wa maso. Masupuni awiri a tiyi akhoza kuchititsa khungu, ndipo kupitirira apo munthu akhoza kufa. Choopsa china n'chakuti zizindikiro zimachedwa. Munthu amaoneka ngati wangoledzera, koma pakatha maola 12 mpaka 24 amayamba kusanza, kumva m'mimba kupweteka, kupuma mofulumira ndi kuona mwachimbuuzi. Ena amati kusefa sipiriti ndi buledi kapena makala kumachotsa poizoni. Limenelo ndi bodza: utoto ukhoza kuchepa, koma methanol amatsala momwemo.

Ife a mpingo wa Adventist timaphunzitsidwa kupewa mowa wa mtundu uliwonse, komabe sipiriti timamugwira m'nyumba ndi kusukulu. Amene tikuphunzira zauphunzitsi tidzapatsidwa makiyi a labotale. Botolo lake lizikhala lolembedwa bwino, lotsekeredwa m'kabati, kutali ndi moto. Tisamuthire m'botolo la chakumwa, chifukwa mwana waludzu sawerenga. Ndipo wina akamwa, tisadikire kuti zizindikiro zioneke kapena kumukakamiza kusanza. Tithamange naye kuchipatala chapafupi kapena chachikulu cha pa boma la Ntcheu, titanyamula botolo lomwe wamwera, kuti adokotala adziwe chimene akulimbana nacho maso ake asanazime.