Kupangila injini yakale copimila oilo

Mvula yoyamba ikayandikila, ambili a ife timadalila makina okalamba: thilakita imene inagulidwa tisanabadwe, motoka yonyamulila feteleza, kapena injini ya pa cigayo. Pa makina otele, kacitsulo kopimila oilo, kamene amakanika amacha dipstick, kawilikawili kanatayika kale, kapena kalipoko kanacotsedwa pa injini ya mtundu wina. Mwini wake amangothila oilo moyelekeza, ndipo tsiku lina injini imafela pakati pa munda, nthawi yolima ili kutha.

Vuto la kusowa copimila si lacilendo. Motoka ya Ford Model T, yopangidwa ku America kuyambila 1908 mpaka 1927, inalibe dipstick. Inali ndi timipopi tiwili kunsi kwa injini, kena cakumwamba, kena cakumunsi. Oilo akatuluka pa kakumwamba, ndiye kuti wadzala. Akapanda kutuluka pa kakumunsi, ndiye kuti wacepa. Ena amene amasunga motoka zimenezi lelo amaikako dipstick, koma cofunika kudziwa ndi cimodzimodzi: malile awili.

Malile onsewa ali ndi cifukwa. Oilo akacepa, pampu imakoka mphepo, makamaka pamalo otsetseleka, ndipo zitsulo zimapekesana zouma mpaka injini igwilane. Akaculuka, crankshaft imamupuntha n'kucita thovu, ndipo thovu silitelelesa zitsulo. Tisadalile nyale yofiila ya oilo, pakuti pa makina ambili imaonetsa mphamvu imene oilo akuyendela, osati kuculuka kwake. Ikayaka, mwina zinthu zawonongeka kale.

Popanga copimila catsopano, tisankhe kacitsulo koongoka ndi kolimba, osati kamtengo kapena waya wofewa amene angathyokele mkati. Cakumwamba tiwochelelepo washa, kuti nthawi zonse kazilowa kufika pamlingo umodzi, ndipo pansi pa washayo tiikepo kamphila kotsekeleza fumbi. Titembenuze injini ndi manja kuti titsimikize kuti palibe cimene cikukhudza kacitsuloko.

Zizindikilo zisakopedwe pa dipstick ya mnansi; zicokele pa oilo woyezedwa. Tiimike makinawo pamalo osapendekeka, tikhuthule oilo yense akali wofunda, ndi kusintha sefa yake. Tifufuze m'buku la injiniyo malita ofunika, kuphatikizapo a m'sefa. Ngati ndi injini ya motoka, tithile onse kupatula lita imodzi. Tilize injini pang'ono kuti sefa idzale, tizime, tidikile mphindi 10, ndipo pamene oilo walekezela tileme ndi tupa: awa ndiwo malile a kumunsi. Tikathila lita yotsalayo ndi kudikilanso, tileme malile a kumwamba. Pa injini yaing'ono, monga ya pampu ya madzi, mpata wa pakati pa zizindikilo ukhale wocepa kuposa pamenepa. Tisaleme mozama, kuopa kuti kacitsulo kangathyokele pomwepo.

Kucokela apo, m'mawa uliwonse tisanalize injini tizikasolola, kukapukuta ndi nsalu yoyela, kukalowetsa mpaka pa washa, ndi kukasololanso. Tiyang'anenso maonekedwe a oilo. Akamaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi akulowa m'injini. Akamakwela yekha ndi kununkha dizilo, mafuta akudonthela mkati. Tikaona cimodzi mwa izi, tiitane makanika thilakita isanapite kumunda.