Mseu wa Lusaka-Ndola: adzalipila ni ndani?

Mu 2017 boma linati mseu wa Lusaka-Ndola udzadya madola 1.2 biliyoni. Mu 2023 linasainilana ndi Macro Ocean Investment Consortium pa madola pafupifupi 650 miliyoni, makilomita 327. Mtengo watsika, inde, koma ine funso langa likalipo: adzalipila ni ndani?

Kampaniyi idzagwila mseu zaka 25: zitatu zomanga, 22 zotolela ndalama pa ma toll gate. Zina mwa ndalama zomangila ni nkhongole yocokela ku NAPSA, kutanthauza penshoni ya anchito. Manje wa thilaki akalipila pa geti, amakweza mtengo wa katundu, ndipo amayi ogula ku Soweto Market ndiwo amamva kuwawa.

Akatswili popima phindu la mseu amawelengela maola opulumuka paulendo, mafuta, matayala ndi kucepa kwa ngozi, n'kuyelekeza ndi mtengo womanga ndi wokonza. Masamu onsewa adalila kuculuka kwa mamotoka. Akacepa, za pa geti zikapelewela, NAPSA idzabwezeledwa na ciani? Abale, masamu amenewa atiikile poyela. Penshoni ni yathu.