Nchito ya Msilikari wa m'Kasinja

Kasinja ndi galimoto ya nkhondo yovekedwa zitsulo zocindikala, yoyenda pa maunyolo m'malo mwa matayala, ndipo pamwamba pace pali mzinga. Angerezi ndiwo anayamba kumenya nkhondo ndi akasinja pa 15 September 1916, pafupi ndi mtsinje wa Somme m'dziko la France. Anthu ambiri aona zithunzi zace, koma ndi owerengeka amene adziwa za asilikari okhala m'katimo, ndi umo akwerera pa nchito yao.

Kasinja wamkuru wa asilikari a Britain achedwa Challenger 2, ndipo anayamba nchito m'caka ca 1998. Kulemera kwace kuposa matani 60. M'kati mwace mulowa anthu anai: woyendetsa, woombera mzinga, wolonga zipolopolo, ndi wolamulira.

Munthu wolowa nchitoyi ayamba ndi maphunziro a msilikari ali yense, monga perete ndi kugwira mfuti. Atatha apo apita ku Bovington m'dera la Dorset, kumene kuli sukulu ya akasinja. Kuombera mzinga aphunzira ku Lulworth, m'mphepete mwa nyanja. Kuyambira caka ca 2016 akazi nawonso aloledwa kulowa.

Kawirikawiri mpando woyamba ndi wa woyendetsa. Iye akhala kutsogolo yekha, cogonera cagada zitseko zikatsekedwa, napenya njira pa kagalasi kakang'ono. Injini ndi maunyolo zili m'manja mwace. Akakhwima pamenepo aphunzira kuombera. Pambuyo pace, atalandira udindo wa Lansi Kopolo, akhala wolonga zipolopolo. Nchito imeneyi ioneka ngati yonyozeka, koma mwini wace ndiye asunganso wailesi, ndipo ndiye waciwiri kwa wolamulira. Kuti alamulire kasinja ayenera kufika pa Kopolo kapena Sajeni, ndi kupambana mayeso ena. Ocita bwino akwerabe kufikira pa Sajeni Meja. Maina a maudindowa ndi omwe aja anali kumveka pakati pa asilikari a K.A.R.

Moyo wa m'kasinja si wofewa ai. Malo ndi opanikiza, phokoso la injini ndi lalikuru, ndipo pfumbi ndi kutentha sizisowa. Masiku ambiri atha osaomba mzinga, koma akuthira mafuta, kutsuka mzinga ndi kumanga maunyolo. Unyolo ukaguluka m'matope, onse anai atsika ndi nyundo ndi mipiringidzo, ngakhale wolamulira yemwe. Cakudya aphikira momwemo, pakuti kuyambira pa kasinja wochedwa Centurion, amene anaturuka m'caka ca 1945, akasinja a Britain akhala ndi ciwiya ca magetsi cowiritsira madzi, kuti asilikari asaturuke panja pamene adani angawaombere.

Nanga n'cifukwa ninji munthu sapatsidwa ulamuliro msanga? Cifukwa cace n'cakuti pa nkhondo palibe nthawi yofunsana. Woyendetsa akaimika kasinja poyera, kapena wolonga akacedwa pang'ono, onse anai angathe kufa pamodzi. Wolamulira amene anakhalapo pa mipando ya anzace adziwa cimene ali yense angathe kucita, ndipo wina akavulala iye adziwa womlowa m'malo. Motero zaka zimene msilikari atha pa mipando ya pansi sizipita pacabe.