Mlonda wa Chipata Ali Kutali

Kuyambira ku Chipoka, kudzera ku Senga Bay, kufikira ku Chikombe, ife a kunyanja tidazoloŵera kuti munthu akasema bwato lake amangolikankhira m'madzi. Ana athu amene aphunzira kulemba mapulogalamu a m'mafoni alibe ufulu wotere. Mnyamata angathe kuchezera miyezi ingapo akukonza kapulogalamu kodziŵitsa amayi a geni mtengo wa usipa padoko, koma kuti kafike kwa anthu ambiri kayenera kuloŵera pa chipata cha Google Play, ndipo mlonda wake ali ku California.

Mlondayo amayamba wafuna madola 25 olembetsera. Tsono mu November 2023 kwacha idagwa, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, motero K29,500 idasanduka K42,500. Ndalamayo imalipiridwa ndi khadi yogulira kunja, chonsecho madola akhala akusoŵa m'mabanki mwathu. Za Apple, amene amafuna madola 99 chaka ndi chaka, tisanene n'komwe.

Mwezi womwewo Google idalamula kuti wolembetsa watsopano m'dzina lake apeze anthu 20 oyesa pulogalamu yake masiku 14 osadukiza. Mu December 2024 chiŵerengerocho adachitsitsa kufika pa 12. Lamuloli nzeru zake zilipo, pakuti zachinyengo zachuluka m'mafoni, ndipo ifenso sitifuna kuti makolo aziberedwa. Komatu taganizani, oŵerenga athu: pagombe pamene asodzi ambiri ali ndi timafoni ta mabatani, mwana apeza kuti anthu 12 okhala ndi foni ya Android, keyala ya imelo ndi bandulo, amenenso sadzatulukamo sabata ziŵiri zisanakwane? Akalephera, ayambenso kuŵerenga masiku. Akapambana, mpumulo palibe, chifukwa chaka chilichonse malamulo a Android amasunthidwa, ndipo pulogalamu yosakonzedwanso imaleka kuoneka kwa eni mafoni atsopano. Ntchito imeneyi ndi yosoka ukonde womwewo, siibweretsa nsomba yatsopano.

N'chifukwa chake ena amangopatsirana pulogalamu pa WhatsApp kapena pa Bluetooth, osadzera pachipata. Njira yachidule imeneyinso ikuchepa: mu August 2025 Google idalengeza kuti ngakhale ogaŵa mapulogalamu kunja kwa msika wake adzayenera kuonetsa ziphaso zowazindikiritsa, kuyambira ku Brazil, Indonesia, Singapore ndi Thailand mu September 2026, maiko ena n'kutsatira kuyambira 2027.