Mawu ochepa amene amatsogolera AI pa ntchito

Munthu akauza pulogalamu ya AI kuti imugulire tikiti ya ndege, pulogalamuyo imatuma zida zina za pakompyuta. Koma siiona mmene zidazo zinapangidwira. Imangowerenga dzina la chida, mawu ochifotokoza ndi mndandanda wa zoyenera kulembamo, kenako n'kusankha. Umu ndi mmene imagwirira ntchito njira ya Model Context Protocol, imene kampani ya Anthropic inatulutsa mu Novembala 2024.

N'chifukwa chake akatswiri amaunika mawuwo mosamala. Amafunsa ngati akunena chimene chidacho chimachita, nthawi yochigwiritsa ntchito ndiponso nthawi yochisiya. Amaonanso ngati akulongosola kalembedwe ka zinthu monga tsiku. Ku America, 03/04 ndi pa 4 Malichi, pomwe ku Britain ndi pa 3 Epulo. Mawuwo akapanda kunena, tikiti ikhoza kugulidwa ya tsiku lolakwika, ndalama n'kulowa m'madzi.

Kuwerenga kokha sikukwanira. Akatswiriwo amaipatsa AI ntchito zambiri zoyeserera, n'kuwerengera kangati yasankha chida choyenera. Ikaphonya, amakonza mawuwo ndi kuyesanso, anthu asanayambe kuidalira.