Mtsuko Wosefa Madzi: Nzeru ya Dongo, Mankhusu ndi Siliva

Munthu woima m'mphepete mwa nyanja ku Senga Bay kapena ku Chipoka m'bandakucha, pamene asodzi akukocheza mabwato awo ndi amayi akutsikira kudooko ndi ndowa kumutu, sangavomere msanga kuti madzi okoma m'maso oterewa angathe kusenza imfa ndi kukaitula pakhomo. Komatu makolo athu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo mliri wa kolera umene unabuka ku Machinga m'mwezi wa March 2022, nudwalitsa anthu oposa 58,000, nupha oposa 1,700 m'dziko muno, osasiyako boma la Salima ndi maboma ena a kunyanja, unatikumbutsa ndi misozi kuti chimene diso silichiona ndicho chimene chigwetsa mudzi.

Alangizi a zaumoyo atiphunzitsa kuwiritsa madzi ndi kuthiramo kolorini, ndipo malangizo amenewa ndi oona. Koma popeza nkhuni zasowa, makala akwera mtengo, ndipo mankhwala safika mudzi uliwonse nthawi zonse, nkoyenera kuti tidziwe njira yachitatu, imene mizu yake ili m'ntchito ya woumba mbiya.

Kale mu 1884, Charles Chamberland, wothandizana ndi Louis Pasteur ku Paris, anapanga sefa ya dongo lootcha imene inkatsekereza mabakiteriya. Koma mtsuko wosefa wa munthu wosauka unabadwira ku Guatemala mu 1981, m'manja mwa Fernando Mazariegos; ndipo namondwe wotchedwa Mitch atasakaza mayiko a kumeneko mu 1998, Ron Rivera ndi anzake a bungwe la Potters for Peace anaukonzanso ku Nicaragua, nauphunzitsa kwa oumba a mayiko ambiri a ku Asia ndi kuno ku Africa, osabisa kanthu kapena kufuna malipiro pa nzeruyo.

Kaumbidwe kake nkotere. Dongo louma lisinjidwa ndi kusefedwa, kenaka lisakanizidwa ndi utuchi kapena mankhusu a mpunga opera bwino, monga mwa muyeso wodziwika. Likandidwa ndi madzi, lipanikizidwa m'chikombole kuti mitsuko yonse ifanane, ndipo ikauma iotchedwa mu uvuni pa moto woyandikira madigiri 900. M'motomo mankhusu aja apserera, nasiya m'khoma la mtsuko timabowo tosawerengeka, tokhotakhota, tosaoneka ndi maso. Pomaliza mtsukowo upakidwa madzi okhala ndi siliva wochepa kwambiri, nuikidwa pakamwa pa ndowa ya pulasitiki yovundikira, yokhala ndi kampopi m'munsi.

Tsono madzi akathiridwa pamwamba, ayamba ulendo wodekha wodutsa m'khomalo, natsika dontho ndi dontho, malita 1 mpaka 3 pa ola. Kachilombo ka kolera nkakang'ono ndithu, kotero kuti mazana angapo atandanda pamzere umodzi ndi pamene angakwane milimita imodzi. Koma m'njira zokhota zija tizilombo tambiri tikodwa pothina, tina timatirira ku dongo, monga usipa ukodwera m'chilimira pamene madzi apyola. Totsalato tikumana ndi siliva, amene aboola khungu la bakiteriya, nasokoneza kupuma ndi kuswana kwake, naletsanso kuti ndere za tizilombo zisamere m'khoma la mtsuko. Dongo pa lokha ligwira, siliva pa yekha apha, koma ziwirizi zikalumikizana zichita chimene chimodzi sichikadatha. Ku Cambodia, kafukufuku wofalitsidwa mu 2008 anapeza kuti m'mabanja ogwiritsa ntchito mitsukoyi matenda otsegula m'mimba anatsika pafupifupi ndi theka.

Tisaunamizire mtsukowu mphamvu imene ulibe, pakuti chiyembekezo chonama chipha koposa umbuli. Mavairasi, amene ali aang'ono kuposa mabakiteriya, ambiri apyola ndithu. Mchere ndi mankhwala osungunuka m'madzi sizitsala. Ndipo likodzo, limene lilowera pakhungu munthu akamasamba kapena kuchapa m'nyanja, silithawa chifukwa m'nyumba muli sefa. Mtsuko ukachita mng'alu, ngakhale wochepa, wasanduka khomo lotsegula ndipo uyenera kutayidwa. Ukayamba kudontha mochedwa utsukidwe ndi burashi yoyera ndi madzi osefa kale, popanda sopo, ndipo dzanja lisakhudze kunsi kwake kapena m'kati mwa ndowa, popeza madzi ambiri abwino aipitsidwa ndi chikho chotungira atafika kale m'nyumba. Pa nyengo ya mliri, kuthira kolorini m'madzi osefawo ndi nzeru, ndipo chimbudzi ndi kusamba m'manja zikhalabe pamalo pake.

Chimene chiyenera kutidzutsa ife a kunyanja nchakuti zipangizo zake zili pakhomo pathu. Ku Lifuwu alima mpunga, ndipo mankhusu ake aunjikana kuseri kwa zigayo, ena nangotenthedwa. Ku Linthipe, m'boma la Dedza loyandikana ndi Salima, kuli dongo lodziwika ndi ubwino wake. Ku Dedza ndi ku Nkhotakota kuli malo oumbira ndi kuotchera ziwiya mwaluso. Ndipo amayi a m'midzi yambiri, amene aumba kale mbaula za Chitetezo monga mwa muyeso, aonetsa kuti manja otha ntchito yotere alipo. Fodya wako ndiye ali pamphuno. Chofunika kugula kunja ndi siliva, ndipo wolowa mu mtsuko umodzi ndi wochepa zedi.

Koma mutu umodzi susenza denga: woumba afunika katswiri womuyezera dongo ndi kudontha kwa mtsuko uliwonse, ndi a Malawi Bureau of Standards otsimikiza kuti chogulitsidwacho nchoona, kuti pasapezeke wogulitsa mphika wamba naunena kuti ndi sefa. Chifukwa chake tipempha mafumu athu, khonsolo ya Salima, masukulu a ukachenjede ndi mipingo kuti akhale pansi pamodzi mvula isanagwe, nayese njira imeneyi m'midzi ya asodzi, kufikira mwana aliyense wa m'mphepete mwa nyanja atamwa madzi osamudwalitsa.