Kasamalidwe ka nsomba zaziwisi kwa Makanjira

Dera la Mfumu Yaikulu Makanjira m'boma la Mangochi, lomwe lili kuvuma kwa nyanja ya Malawi kumalire ndi dziko la Mozambique, limadziwika ndi nsomba monga chambo, kampango, utaka ndi usipa. Komabe kutalika kwa ulendo wochokera kumeneko kukafika pa boma, kuphatikizapo kutentha kwa m'mphepete mwa nyanja, kumachititsa kuti nsomba zambiri zivunde zisanafike kwa wodya.

Nsomba imayamba kuonongeka ikangovuulidwa m'madzi. Tizilombo tomwe timakhala m'matumbo ndi pakhungu pake timaswana mofulumira kukatentha, moti nsomba yosaikidwa pozizira ikhoza kuvunda pasanathe maola 12.

N'chifukwa chake ogwira ntchito m'boma amene amagula ndiwo padoko, kaya amakhala konko kaya apitako pa ntchito, akuyenera kugula m'mamawa asodzi akangokocheza. Nsomba yabwino imakhala ndi maso owala, mamba ogwira, ndiponso ziwalo zopumira za m'mbali mwa mutu zofiira bwino. Mnofu wake umabwerera ukadinidwa ndi chala. Yofewa mimba ndi yonunkha njosayenera kugula ngakhale itatchipa.

Ikagulidwa, nsomba itumbulidwe msanga, itsukidwe ndi madzi otetezedwa osati a m'mphepete mwa doko, kenaka iikidwe mu ayezi wolemera mofanana ndi nsombayo. Yovunda ichotsedwe pa zinzake, pakuti akuluakulu adati ikaola imodzi zaola zonse. Komwe kulibe ayezi kapena firiji, njira yodalirika ndi kuwamba chambo ndi kampango, kapena kufutsa usipa ndi kuuyanika pathandala osati pamchenga.

Pophika, nsomba ipse mpaka m'kati ndipo idyedwe yotentha. Mangochi ndi limodzi mwa maboma omwe adakhudzidwa kwambiri ndi mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, womwe udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Matendawa amafala kudzera m'madzi ndi m'zakudya zodetsedwa, kotero kusamba m'manja ndi sopo ndi kutsuka mipeni nsomba ikatumbulidwa n'kofunika.

Wogula alinso ndi udindo pa malamulo. Potsatira lamulo loteteza ndi kusamalira nsomba la mu 1997, n'koletsedwa kupha chambo chosakwana masentimita 15, chomwe chimatchedwa kasawala, ndipo kuyambira mwezi wa Novembala chaka chilichonse makoka ena amaletsedwa kuti nsomba ziswane. Mu 2018 bungwe la IUCN lidaika mitundu ya chambo m'gulu la zamoyo zomwe zili pachiopsezo chachikulu chotheratu.

Wantchito wa boma akagula kasawala amafooketsa ntchito ya nthambi yoona za usodzi ndi makomiti a m'madoko, omwe amalanda zida zoletsedwa kuti chambo chipezekebe kwa Makanjira m'zaka zikudzazi.